Musanakumbe maziko kuseri kwa nyumba: kamangidwe ka kwata kapena mdadada pa poloti yanu ku Chipata

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba kuno ku Chipata, ndipo pali funso limodzi lomwe limanditsata paliponse. Tikatuluka m'tchalitchi, pa maliro tikamadikira nsima, ngakhale pa mzere wa ku banki, wina amandikokera pambali: “Amisiri, poloti ndi yanga, mapepala ndili nawo, kuseri kwatsala malo. Kuti ndiikeko tizipinda tiwiri, mpaka ndikagwade ku khonsolo?”

Inde, mpaka mukapemphe. Ndalemba pano kuti wina akadzafunsanso ndizingomutumizira pa WhatsApp.

Poyamba timvane mayina. Achikulire amati kwata, dzina lochokera ku tinyumba ta antchito tomwe azungu ankamanga kuseri kwa nyumba zawo tauni ino ikutchedwa Fort Jameson. Ena amati kabini. Zipinda zikandondozana pansi pa denga limodzi, chilichonse ndi chitseko chake, umenewo ndiye mdadada. Kaya mukumangira agogo obwera kuchokera kumudzi, kaya mwana amene wakwatira koma sanapeze pake, kaya mukufuna ya lendi, lamulo silisiyanitsa. Mwaonjezera nyumba pa malo, ndipo nyumbayo imafuna chilolezo.

Malamulo amene akukukhudzani ndi awiri. Urban and Regional Planning Act ya 2015, yomwe inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act yakale ija, imaona ngati chomwe mukufunacho chikuyenera pamalopo. Public Health Act pamodzi ndi malamulo ake a zomangamanga imaona za mpweya, kuwala, chimbudzi ndi ngalande. M'tauni muno, yomwe inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, zonsezi zimadutsa ku khonsolo ya mzinda, kumene ambiri timangoti ku kanso. Amene muli ku Katete, Chadiza, Petauke, Lundazi kapena maboma atsopano a Kasenengwa ndi Chipangali, yambirani ku khonsolo yakwanuko. Ngati ilibe mphamvu zovomereza yokha, idzatumiza mapepala anu ku ofesi ya mapulani ya chigawo.

1. Tulutsani pepala la malo, muliwerenge

Ambiri amati “mapepala ndili nawo” koma sanatsegulepo envulopu chiikireni pansi pa matiresi. Mapepala a malo ali m'mitundu, ndipo mphamvu zake sizifanana.

Taitolo ya zaka 99 yochokera ku Unduna wa za Malo ndiyo yolimba. Komabe dziwani kuti malinga ndi Lands Act ya 1995, malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo inu mwabwereka kwa zaka zimenezo. N'chifukwa chake mumalipira ground rent, lendi ya malowo ku boma. M'kati mwa taitoloyo muli mfundo zonena chomwe malowo anakupatsirani. Ngati simunalandire taitolo koma muli ndi kalata ya ofa ndi malisiti ake, tengani zimenezo.

M'makomboni omwe anayamba opanda pulani kenako boma n'kuwavomereza, pepala lofala ndi occupancy licence ya zaka 30. Imeneyi imakulolani kukhala pamene pali nyumba yanu ndi pabwalo pake, si poloti yoyezedwa ya ngodya zinayi. Ngati muli ku Mchini, Nabvutika kapena Magazine, onani bwino kuti lanu ndi liti, chifukwa malo “otsala kuseri” mwina khonsolo inawasiyira njira kapena ngalande.

Kalata ya amfumu ndi ya malo a chikhalidwe, ndipo ili ndi ulemu wake, koma si taitolo. Kuti malo otere asanduke a taitolo pamafunika chivomerezo cha mfumu ya deralo, kenako khonsolo, kenako Commissioner of Lands, mkulu woona za malo ku Unduna wa za Malo. M'mphepete mwa tauni, momwe nyumba zikukwera tsiku ndi tsiku, malire a khonsolo ndi a mafumu saoneka ndi maso. Funsani mbali zonse ziwiri. Lamulo la 2015 lija limalola khonsolo ndi mafumu kupangana za kamangidwe pa malo a chikhalidwe, ndiye musadalire zakuti kwa amfumu khonsolo siifika.

Kakalata kolembedwa pamanja ndi a tcheyamani a m'dera kapena anyamata a chipani, ngakhale kakhale ndi chidindo chachikulu bwanji, sikakupititsani patali.

Onaninso dzina lomwe lili papepalalo. Nyumba zambiri za khonsolo zomwe zinagulitsidwa kwa okhalamo mu 1996, nthawi ya a Chiluba, mpaka lero zili m'dzina la bambo kapena mayi amene anatisiya kalekale. Ngati mwini wake anamwalira osasiya wilu, Intestate Succession Act ya 1989 imati nyumbayo ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana onse. Wosayina mapepala ndi amene khoti linamusankha kuyang'anira chumacho. Khalani pansi ndi abale anu, mulembe chomwe mwagwirizana, inu musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi. Mdadada ukayamba kubala ndalama, mlongo wanu wa ku Kitwe amene sanabwere ngakhale ku chiliza adzakumbukira kuti pamenepo ndi pa bambo ake.

2. Funsani kuti dera lanu analikonzera chiyani, ndipo nenani zoona

Pitani ku dipatimenti ya mapulani ndi nambala ya poloti. Madera okhalamo anthu amagawidwa patatu: a mapoloti aakulu monga Kalongwezi, apakatikati, ndi a nyumba zothithikana monga Kapata. Miyeso yake siifanana, choncho zomwe analoledwa mnzanu wa dera lina musazitenge ngati zanu.

Mufunse zinthu zitatu, mulembe mayankho m'kabuku. Choyamba, building line, kutanthauza mtunda womwe muyenera kusiya pakati pa khoma ndi malire, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Chachiwiri, gawo la poloti lomwe mungaphimbe ndi nyumba zonse pamodzi. Chachitatu, ngati poloti ya m'dera lanulo imaloledwa kukhala ndi nyumba yachiwiri, ndiponso yaikulu bwanji.

Apa musaname. Chipinda chimodzi cha agogo ndi zipinda zisanu ndi zitatu za ana a sukulu ya unamwino kapena ya uphunzitsi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Mukafuna loji, bodingi, shopu, saluni kapena bawa, ndiye kuti mukusintha ntchito ya malo, ndipo zimenezo zili ndi pempho lakelake, lomwe limapatsa anansi mpata wotsutsa. Anthu amalemba “stolu” pa pulani, kenako m'stolumo n'kupezeka banja la ana atatu ndi mbaula. Woyendera akadzabwera adzaona makatani pa zenera la stoluyo.

3. Pezani mabikoni, muyeze zomwe zilipo kale

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene ndalama za anthu zimathera, ndiponso ndi pamene aliyense amafuna kudumpha.

Mpanda si malire. Ndibwerezenso: khoma la mpanda lomwe munalipeza pogula nyumba, kapena mzere wa nkhadze womwe anabzala agogo, si umboni wa malire. Malire ndi mabikoni, tizitsulo tokhomedwa m'konkire pa ngodya za poloti. Ambiri anakwiririka ndi dothi, ena ali pansi pa mpanda, ena anazulidwa ndi olima m'munda wa kuseri.

Mlamu wanga anagula nyumba yokhala ndi mpanda kale. Atafuna mdadada wa zipinda zitatu, mmisiri wake anamupatsa nzeru yooneka yabwino: khoma la mpanda la kumbuyo likhale khoma la zipindazo, apulumutse mabuloko. Ine anandiuza denga litakwera kale. Mvula yoyamba ya Novembala itagwa, madzi onse a pa malata anakathira pa khonde la mnansi wa kumbuyo, ndipo mnansiyo anakadandaula. Atabwera woyeza malo, anakumba pang'ono ndi khasu m'kati mwa chipinda chapakati, pafupi ndi pamene tenanti anaika mbaula, n'kupeza bikoni ili phee pansi pa simenti. Mpanda unali utalowa kupitirira mita imodzi m'kanjira ka kuseri komwe kanasiyidwira mapaipi. Khoma lonse la kumbuyo linagwetsedwa n'kubwezedwa m'kati. Zipinda zomwe zinatsala, bedi la anthu awiri likalowa chitseko sichitsekeka. Mpaka lero amabwereketsa kwa mbeta ndi anyamata okhaokha, pa mtengo wotsika.

Chochita ndi ichi. Kumbuyo kwa taitolo kuli chojambula cha woyeza malo, chosonyeza ngodya ndi zilembo A, B, C, D ndi kutalika kwa mbali iliyonse. Bwerekani tepi yaitali ya mamita 50. Pezani bikoni imodzi yomwe simukuikayikira, nthawi zambiri ya kumsewu, muyeze kuchokera pamenepo. Itanani mnansi wanu aimirire pomwepo mukamayeza, ndi ulemu wonse, ngakhale mumugulire Fanta. Miyeso ikagwirizana ndi mpanda, thokozani Mulungu. Ikasiyana, kapena mabikoni akasowa, lembani ntchito woyeza malo wa chiphaso kuti awabwezeretse. Musakhome chitsulo chanu nokha, ndipo musasunthe bikoni, umenewo ndi mlandu. Ndalama ya woyeza imawawa tsiku lolipira, koma siifika pa mtengo wa khoma limodzi.

Mukadziwa malire, yezani chilichonse chomwe chaima pa poloti lero. Nyumba yaikulu monga ilili, osati monga inalili. Khonde lomwe munatseka n'kukhala chipinda. Galaji yomwe inasanduka khitchini. Kantemba ka pa geti, khola la nkhuku, thanki ya madzi, chitsime, seputiki, mtengo wa mango, pholo la ZESCO ndi mawaya odutsa pamwamba. Zonsezi zimalowa pa pulani ya malo.

Apa ndiye anthu amayamba kukanda m'mutu. Chomwe ambiri amaopera ku khonsolo si kwata yatsopanoyo ayi, koma nyumba yaikulu. Mwina inamangidwa popanda pulani yovomerezeka, kapena inali nayo koma yakula kawiri chivomerezereni. Amadziwa kuti akakapempha za kuseri, za kutsogolo zidzaululika.

Zidzaululikadi. Langizo langa n'lakuti muulule nokha. Funani pulani yakale yokhala ndi chidindo. Ikasowa m'nyumba, pemphani kuti akuyang'anireni m'faelo ya poloti yanu ku khonsolo. Ngati kulibe, kapena yomwe ilipo siikufanana ndi nyumbayo, wojambula ajambule nyumbayo monga yaimira lero, mupemphe kuti ivomerezedwe pamodzi ndi yatsopanoyo. Yembekezerani kulipira chindapusa, ndipo mwina adzakuuzani kukonza zina, monga kuboola zenera m'chipinda chomwe chinatsekeka. Koma munthu wobwera yekha ndi mapepala m'manja amalankhula naye mosiyana ndi amene amupeza mabuloko atafika pa lintolo. Wojambula amene angakuuzeni kuti “zinazo tingozisiya pa pepala” akukuikani m'madzi. Woyendera amafika pamalo, ndipo amadziwa kuwerenga zitseko.

Tsopano masamu. Tiyerekeze poloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, ndiye kuti masikweya mita 600. Kuchokera pa khoma la kumbuyo la nyumba yaikulu kufika pa malire patsala mamita 10. Mukaima pamenepo maso amakuuzani kuti malo ndi ambiri. Tiyerekezenso, mwachitsanzo chabe, kuti akuuzani kusiya mamita 3 kumbuyo, ndipo inu mukufuna mamita 2 pakati pa nyumba ziwirizo kuti mazenera azilowa kuwala ndipo anthu azidutsa. Mwatsala ndi mamita 5. M'lifupi chotsani za m'mbali zonse ziwiri, muchotsenso pamene pali seputiki ndi sokawe (dzenje lomwetsa madzi a seputiki m'nthaka), chifukwa pamwamba pake sipamangidwa. Mdadada wa zipinda zisanu womwe munkawerengera lendi yake usiku watsala zipinda ziwiri ndi bafa. Kuli bwino muzione pa pepala.

Musaiwale njira. Okhala kuseri adzadutsa pati, pa zenera la kuchipinda kwanu? Galimoto yopopa seputiki idzafika bwanji, nanga ya ozimitsa moto? Ndaonapo mapoloti omwe mpata wa m'mbali ndi wongokwana munthu woyenda chammbali. Tsiku la maliro bokosi limachita kudutsa pamwamba pa mpanda.

4. Chimbudzi ndi madzi a mvula

Mapulani ambiri amabwezedwa chifukwa cha chimbudzi, osati chifukwa cha makoma. Mapaipi a zonyansa a Eastern Water and Sanitation Company safika m'madera onse. Ngati akudutsa kwanu, kapempheni kulumikiza, ndipo muwafunse pamene paipi yawo yadutsa kuti musamange pamwamba pake. Enafe timadalira seputiki kapena chimbudzi chokumba.

Seputiki yomwe inakumbidwira banja la anthu asanu ndi mmodzi siingasenze anthu khumi ndi awiri. Mudzaikulitsa kapena kukumba ina, ndipo malo ake aoneke pa pulani. Chovuta kwambiri ndi sokawe, dzenje la miyala lija lomwe limamwetsa madzi m'nthaka. Chipata wazunguliridwa ndi mapiri. Amene muli m'mphepete mwa Kanjala ndi mapiri ena, mukakumba pang'ono mwagunda thanthwe, madzi alibe kolowera. Amene muli kumunsi cha ku madambo, Januwale ndi Febuluwale madzi a pansi amakwera, sokawe n'kudzaza yokha. Yesani nthaka yanu: kumbani dzenje lakuya ngati mita imodzi pamene mukufuna sokawe, thirani madzi, mubwere m'mawa mwake. Mukapeza madzi ali pomwe munawasiya, uzani wojambula asanayambe ntchito.

Ngati pali chitsime kapena mjigo, wanu kapena wa mnansi, muyeso wodziwika ndi mamita 30 kuchokera pa chimbudzi kapena sokawe. Pa poloti ya 20 ndi 30 mukuona nokha kuti n'zovuta, n'chifukwa chake muyenera kusuzumira kuseri kwa mpanda, mudziwe pamene mnansi amatunga madzi. Kuyambira 2018 mijigo imalembetsedwa ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira za madzi, ndipo wofuna kuboola watsopano amayambira kumeneko.

Madzi a padenga agwere kwanu, inu muwatsogolere ku ngalande ya kumsewu. Denga lopendekera kwa mnansi ndi mlandu womwe ukungodikira mvula.

5. Jambulitsani pulani yeniyeni

Pulani yogula pa fotokope, yomwe inajambulidwira poloti ya wina ku Lusaka, siikudziwa kumene kuli seputiki yanu. Khonsolo imafuna mapulani osayinidwa ndi katswiri wolembetsedwa ku Zambia Institute of Architects. Ife ojambula ambiri timagwira ntchito pansi pa akatswiri oterewa, ndiye funsani wojambula wanu kuti adzasayina ndani. Mukafuna nyumba yosanja kapena denga la konkire, pafunikanso injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia.

M'mapulanimo mukhale chosonyeza kumene poloti ili, pulani ya malo ija ya pa nambala 3, kagawidwe ka zipinda, maonekedwe a mbali zonse, chojambula chodula pakati chosonyeza maziko mpaka denga, ndi njira ya mapaipi. Chipinda chilichonse chogona chikhale ndi zenera lotsegukira panja. Muyeso womwe timatsata ndi wakuti zenera lisachepere gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa chipindacho. Chimbudzi chisatsegukire m'khitchini. Ndipo ikanipo pophikira, ngakhale kakhonde. Tenanti wopanda pophikira amalowetsa mbaula m'chipinda mwezi wa Juni n'kutseka chitseko, ndipo utsi wa makala umapha anthu ali m'tulo.

6. Perekani, lipirani, dikirani

Tengani mafomu a pempho, mapulani m'makope omwe angakuuzeni, kope la taitolo kapena pepala lanu la malo, NRC, ndi malisiti osonyeza kuti mulibe ngongole ya mareti (msonkho wa nyumba wa ku khonsolo) ndi ground rent. Ngongole ya mareti imaimitsa mafaelo ambiri, yambani mwaithetsa kapena kupangana kalipiridwe. Pali ndalama younikira mapulani, yomwe imawerengedwa potengera kukula kwa nyumba ndipo imasintha, choncho kafunseni ya chaka chino.

Lipirani pa kauntala yolandirira ndalama kapena ku banki, mutenge lisiti ya dzina lanu ndi nambala ya poloti. Paliponse pamene pali mizere sipasowa ma ajenti olonjeza chidindo pofika Lachisanu. Chidindo chopanda nambala ya faelo ndi inki chabe.

Faelo yanu idzazungulira kwa a mapulani, a uinjiniya, a zaumoyo ndi ozimitsa moto, kenako ku komiti ya makhansala. Komitiyo siikhala tsiku lililonse, ndiye funsani kuti ikumana liti, muzipitako kukaona pamene faelo yafika. Nzeru ndi kupereka mapepala nthawi ya mvula, kuti pofika Meyi kapena Juni, ndalama za soya ndi chimanga zikamalowa, chilolezo chikhale chili m'manja. Ambiri amachita chotembenuza: ndalama zikafika m'thumba zimayabwa, maziko n'kukumbidwa, mapepala pambuyo.

Akakukanani, pemphani zifukwa zolembedwa. Nthawi zambiri ndi zokonzeka, monga kusuntha khoma kapena kuchepetsa chipinda chimodzi. Ngati mukuona kuti sanakuchitireni chilungamo, lamulo la 2015 linakhazikitsa bwalo la apilo la nkhani za mapulani, koma musagonere, nthawi yochitira apilo ndi yowerengeka. Akakuvomerezani, werengani mfundo zonse zomwe alemba pa chilolezo, kuphatikizapo nthawi yomwe muyenera kukhala mutayamba kumanga.

7. Mangani zomwe zili pa pepala

Kope limodzi la chidindo likhale pamalo omangira, m'pulasitiki. Woyendera nyumba wa khonsolo amafunika kuitanidwa pa magawo: mukakhoma zikhomo ndi zingwe, mukakumba maziko musanathire konkire, pa silabu, makoma akafika pamwamba, ndiponso mapaipi musanawakwirire. Gawo la zingwe lija ndilo lofunika koposa, chifukwa kusuntha chingwe n'kwaulere.

Chenjerani ndi mmisiri wa mtima wabwino amene amati, “Abwana, pano patsala malo, tiwonjezereko kamita kamodzi.” Kamita kameneko ndi building line yanu. Mukafuna kusintha, bwererani kwa wojambula akakonze pulani. Ndipo pansi pa khoma musaiwale pulasitiki yotchinga chinyezi. Zipinda za kuseri zimakhala pamthunzi, chinyezi chikakwera penti imasupuka chaka chomwecho.

Mukamaliza pemphani chiphaso chololeza kukhalamo, munthu asanalowe. Ambiri amachinyozera, koma tsiku lomwe mudzafune ngongole ku banki, inshuwalansi kapena wogula nyumba, adzachifunsa.

8. Magetsi, madzi, msonkho

Pemphani mita yakeyake ku ZESCO, mawaya aikidwe ndi wa magetsi wodziwa ntchito. Chingwe chochokera pa soketi ya kukhitchini kwanu kudutsa pabwalo pamwamba pa ndodo chimayambitsa moto, komanso mikangano ya mayunitsi siitha: inu mudzati tenanti amaphika nyemba pa mbale ya magetsi, iye adzati ndi firiji yanu. Madzi chimodzimodzi, mita yake kapena pangano lolembedwa. Pansi pa mawaya a ZESCO sipamangidwa.

Nyumba ikaonjezereka, mtengo wa malo anu umakwera, ndipo mareti adzakwera khonsolo ikadzawerengeranso. Ndalama ya lendi ili ndi msonkho wake ku ZRA, choncho khalani ndi TPIN, mukafunse gawo lomwe likukukhudzani. Walira mvula walira matope.

Chinanso chomwe anthu amadabwa nacho: kwata ya kuseri siigulitsidwa payokha. Ili pa taitolo imodzi ndi nyumba yaikulu. Kuti muigulitse kapena kuipatsa mwana ngati yakeyake, poloti iyenera kudulidwa mwalamulo, ndi chilolezo china, woyeza malo ndi taitolo yatsopano, ndipo poloti yaing'ono sadzalola kuidula. Wogula zipinda ziwiri za kuseri pa kalata ya pamanja wagula mkangano ndi ana a mwini poloti.

Nanga amene munamanga kale?

Ndikudziwa kuti ambiri amene mwawerenga mpaka pano mdadada ulipo kale, matenanti alimo. Lamulo limapatsa khonsolo mphamvu yokulemberani kalata yoimitsa ntchito, yokulamulani kukonza, ngakhale kugwetsa, ndipo chomwe chimayambitsa nthawi zambiri ndi dandaulo la mnansi. Musadikire kalatayo. Bwererani pa nambala 1 ndi nambala 3: pepala la malo, mabikoni, ndi kujambula zonse monga zilili. Zipinda zomwe zili m'kati mwa malire anu, zokhala ndi mazenera ndi chimbudzi chokwanira, zili ndi mwayi wovomerezedwa mukalipira chindapusa. Zomwe zakhala pa paipi, pa ngalande, pansi pa mawaya kapena m'malo a msewu, palibe wojambula angazipulumutse, ndipo amene angakulonjezeni zimenezo akungofuna ndalama yanu.

Mukamabwera kwa ine kapena kwa wojambula wina aliyense, musabwere ndi chithunzi cha nyumba yokongola cha pa Facebook. Bwerani ndi envulopu ya pansi pa matiresi ija, lisiti yomaliza ya mareti, ndi khasu loti tikafukulire mabikoni.